Sefa ya madzi yokwerera phiri la Mulanje: tigule kapena ndi kutaya ndalama?

Wa ku Ndirande: Abale, mwezi wa Julaye tikukwera Mulanje anthu asanu, masiku anayi, kuyambira pa Likhubula mpaka ku Sapitwa. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti nditumize ndalama andigulire kasefa kotchedwa Sawyer Mini. Mtengo wake si wamasewera. Amene munapitako, kodi nkofunikadi?

Madala a ku Chitakale: Mwana wanga, sunga ndalamayo ugulire nsapato zabwino. Ine ndamwa madzi a m'phirimo kuyambira ndili mnyamata, ndi manja, osadwala. Amatuluka m'thanthwe, ozizira mpaka mano kuwawa. Anyamata onyamula katundu aja munawaonapo ndi sefa?

Namwino Wokwera Mapiri: Madala, ndi ulemu wonse, mimba yanu inazolowera, ya achimwenewa inazolowera madzi a pampopi. Komanso phiri la kale si la lero. Pa nyumba zogona za m'phirimo, pa Chambe, pa Lichenya, pa Chisepo, pamagona anthu ambiri, ndipo si onse amene amafika kuchimbudzi kukada. Mvula ikagwa zonsezo zimatsikira mumtsinje. Madzi kuyera sikuti mulibe kanthu. Giardia, kachilombo kotsegula m'mimba, samaoneka ndi maso, ndipo amadikira sabata imodzi kapena ziwiri asanayambe kukuvutani. Nchifukwa chake anthu amanamizira chakudya cha pa lesitilanti, phiri ataliiwala kale.

Achemwali a ku Zomba: Zimenezo zinandichitikira ine. Ndinatunga kamtsinje kena kumunsi kwa nyumba yogona, botolo ndikuliyang'ana padzuwa, madzi ali mbuu ayi, oyera ngati galasi. Patatha masiku khumi mimba inatupa ngati ng'oma, kugeya fungo la dzira loola, kuchimbudzi kosawerengeka. Kuntchito ndinajomba sabata yathunthu, ndikungokhalira Thanzi ORS. Mmawa wotsatira tsiku lotungalo ndinali nditaona mapepala m'tchire chakumtunda kwa pomwe ndinatungapo, koma ndinangoti aaa, madzi oyenda alibe ufiti.

Kontoma: Nanga WaterGuard walakwa chani? Wa pagolosale pompa, wotchipa. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ndi klorini amene anatisunga, osati masefa ochokera kunja.

Namwino Wokwera Mapiri: Sanalakwe, achimwene. Klorini amapha mabakiteriya monga a kolera ndi taifodi, amaphanso mavairasi, bola mudikire mphindi 30, ndipo madzi akakhala ozizira kwambiri kapena a matope muwonjezere nthawi. Koma pali kachilombo kena, Cryptosporidium, kamene klorini sakatha bwino. Apo ndi pomwe sefa imapambana: timabowo take ndi tating'onoting'ono, 0.1 micron, mabakiteriya ndi tizilombo ngati timeneti sitidutsa. Koma mavairasi, monga a hepatitis A, ndi aang'ono kwambiri, amadutsa. Ndiye musaganize kuti mukagula sefa mwathana nazo zonse.

Kontoma: Ndiye kuti ndigule chodula koma ndinyamulebe chotchipa? Kkkk.

Achemwali a ku Zomba: Vuto la WaterGuard m'phiri ndi muyezo. Kachitsekerero kamodzi ndi ka malita 20. Inu muli ndi botolo la lita imodzi, manja akunjenjemera ndi chiperoni, muyeza bwanji? Ine ndinathira mongoganizira, madzi kununkha ngati ochapira. Bola timapiritsi ta klorini ta Aquatabs, mungowerenga papaketi kuti kamodzi ndi ka malita angati.

Madala a ku Chitakale: Chabwino, ngati mukuopa, wiritsani. Pa nyumba iliyonse pali mlonda, pali moto, pali ketulo.

Namwino Wokwera Mapiri: Apo ndiye tagwirizana, madala. Kuwiritsa kumapha zonse. Madzi abwadamuke mphindi imodzi, koma mukadutsa mamita 2,000 zikhale zitatu. Sapitwa ndi mamita 3,002. Chovuta ndi masana muli panjira, botolo latha, moto uli kutali. Ndiponso anthu asanu, aliyense malita atatu patsiku, nkhuni zake zingati m'phiri lomwe mitengo ikutha kale?

Gaidi wa pa Likhubula: Bwana wa ku Ndirande, alendo anga ambiri amabwera nazo sefa zimenezi. Zimagwira, koma ziwiri izi. Choyamba, mu Juni ndi Julaye kumtunda kumagwa chisanu. Madzi otsalira m'sefa akaundana chifukwa cha kuzizira timachubu tam'kati timasweka, inu osadziwa, nkumamwa molimba mtima. Usiku muziyiika m'thumba logonamo. Chachiwiri, musaiwale sirinji yake yotsukira, madzi a matope amaitseka msanga. Ndipo potunga muzitunga kumtunda kwa nyumba, osati kumunsi. Pa Dziwe la Nkhalamba sambani chabe, anthu amachuluka pamenepo.

Wa ku Ndirande: Ndiye ngati ndi ulendo umodzi wokha?

Gaidi wa pa Likhubula: Umodzi wokha, mapiritsi ndi ketulo zakwana. Koma amene wakwera kamodzi amabweranso, ndikuwadziwa.

Achemwali a ku Zomba: Muli asanu, sonkhani mugule imodzi. Mukabwerako mundibwereke, Okutobala ndili ndi ulendo wa ku Nyika.

Kontoma: Ine ndisonkha nawo pokhapokha wosunga sefa akhale ine.

Madala a ku Chitakale: Gulani, ana inu. Ine ndibwera ndi kapu yanga yachitsulo, tikaonana pa Chisepo.