Tingayambe bwanji kukamba za tsankho pa koleji pathu?

Nachisale:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili m'chaka chachitatu pa koleji ina ya boma, ndinachokera ku sekondale yoyendera (CDSS) ya kumudzi ku Dedza. Zimene ma yaro (ophunzira a chaka choyamba) ochokera kumudzi akukumana nazo zikundipweteka mtima. Mtsikana wina amene timayandikana zipinda analeka kuyankha m'kalasi, chifukwa akangolankhula Chingerezi ena amaseka katchulidwe kake n'kumamunena kuti tradi, kutanthauza wachimidzimidzi. Ikabwera ntchito ya pagulu, a ma laputopu amasankhana okhaokha. Iye akudikira ngongole ya boma, masiku ena amadya kamodzi basi. Tikufuna kuitanitsa msonkhano wokambirana zimenezi, koma tikuopa kuti abwera okhawo amene akusalidwa. Osekawo tingawakoke bwanji?

Mbewe wa ku Kasungu:
Achemwali, osekawo sangabwere pamsonkhano, amaona ngati akukazengedwa mlandu. Yambani ndi aphunzitsi. Apempheni kudzera mwa oimira kalasi kuti magulu azigawa iwowo. Ife mphunzitsi wina ankatigawa potsata nambala zathu, ndipo mnyamata amene tinkamuderera uja ndiye anatipulumutsa pa masamu. Polemba kalata tchulani ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko, imene imaletsa tsankho potengera chiyankhulo, mtundu, chuma kapena kulumala.

NyaGondwe:
Musaiwale za mitundu. Ine ndine wa ku Rumphi. Kota, njira yogawira malo m'makoleji a boma potengera boma limene munthu akuchokera, inabwezeretsedwa mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2020, koma mawu ake adakali m'kamwa mwa anthu. Ndikamalankhula Chitumbuka pafoni ndi amayi, pamapezeka wina wonena kuti Atumbuka mwadzaza malo. Nawonso anzathu a m'maboma ena ankanenedwa kuti analowa ndi kota, ngati alibe nzeru. Zonse ziwirizi zimapweteka. Mukachita msonkhanowo, muikepo olankhula a zigawo zonse, apo ayi anthu adzati ndi za ndale.

Achimwene T:
Ndine wachialubino, ndinamaliza chaka chatha. Kwa ine zikwangwani sizinathandize kwenikweni. Chinandithandiza ndi mnzanga amene ankandisungira mpando wakutsogolo, popeza bolodi sindiliona bwino ndikakhala kutali, komanso mphunzitsi amene anavomera kusindikiza mayeso m'zilembo zazikulu. Amene ankandiitana kuti napweri analeka tsiku limene mnzawo weniweni anawadzudzula pagulu. Funani ma konti (ophunzira amene adutsa chaka choyamba) awiri kapena atatu amene ma yo (odzimva a m'tauni aja) amawamvera, mulankhule nawo paokha kaye. Itananinso a APAM, bungwe la anthu achialubino, nkhanizi amazidziwa bwino. Ndipo atsikana muwauze za lamulo la Gender Equality la 2013: kuvutitsa munthu pofuna kugona naye ndi mlandu wa zaka 5 kundende. Amene alibe ndalama ndiwo amaopsezedwa msanga ndi nkhani ya magiredi.

Nachisale:
Zikomo nonse. Achimwene T, za mpando wakutsogolo zandikhudza, m'kalasi mwathu muli mnyamata wa vuto lomwelo. Kalata ya magulu tiilemba Loweruka. A Mbewe, kodi tiipereke kwa mkulu wa dipatimenti kapena kwa mphunzitsi aliyense payekha?