Mzere umodzi pa 745.4 nm: ndi H-alpha kapena OII?

Nthanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Spectrum (kuwala kogawidwa motsatira kutalika kwa mafunde) ya mlalang'amba wina wosawala kwenikweni ikuonetsa mzere umodzi wokha, pa 745.4 nm. Chida chimaona kuyambira 400 mpaka 850 nm, R (mphamvu yake yosiyanitsa mizere yoyandikana) ili cha m'ma 1000. Ndikati ndi H-alpha (mzere wa haidrojeni) ya 656.3, z (redshift, muyeso wa mmene mafunde atalikira) ikutuluka 0.136. Ndikati ndi OII (mzere wa okosijeni) ya 372.7, z ikutuluka 1.0. Pa girafu ya Hubble, yoyerekeza mtunda wa milalang'amba ndi z yake, ndiuike pati?

Kadzidzi: Achemwali, musanayambe masamu, mwatsimikiza kuti mzerewo ndi wa mlalang'ambawo? Kupitirira 700 nm mpweya wa dziko lathu umawala wokha, mizere ya OH (mamolekyu a okosijeni ndi haidrojeni) ili mbwee. Bwererani pa chithunzi cha 2D. Mzere ukadutsa slit (kampata kolowera kuwala m'chida) yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi wa mumpweya ndipo sunachotsedwe bwino. Onaninso ngati ukupezeka pa zithunzi zonse, poti cosmic ray (kanthu kakang'ono kothamanga kochokera mumlengalenga) imagunda chithunzi chimodzi chokha.

Nthanda: Uli pa zithunzi zonse, achimwene, ndipo uli pamene pali mlalang'ambawo basi.

Chiwale: Ndiye funani anzake. Kufutukuka kwa chilengedwe kumatalikitsa mafunde onse ndi nambala imodzi, 1+z, choncho mzere susuntha wokha. Ngati ndi H-alpha, chulukitsani ndi 1.136: H-beta ya haidrojeni ikhale pa 552, OIII ya okosijeni pa 568.7, NII ya naitrojeni pa 747.8, pambali penipeni pa mzere wanuwo. SII ya salifa musaidalire, ikugwera pa 763 ndi 765 m'kati mwa A-band, momwe okosijeni wa mumpweya amameza kuwala. Paliponso njira yachitatu imene simunaitchule: OIII ya 500.7 pa z ya 0.489. Ikakhala imeneyo, mnzake wa 495.9 aoneka pa 738, kuwala kwake gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwa mzere wanuwo.

Kadzidzi: OII nayo ndi mizere iwiri, 372.6 ndi 372.9. Pa z ya 1.0 imatalikirana ndi 0.56 nm yokha, pamene R ya 1000 pamenepo imasiyanitsa cha m'ma 0.75 nm. Simungaione iwiri, mungoona mzere wonenepako. Yerekezani ndi kunenepa kwa mizere ya nyale ya arc, imene timayesera chida.

Nthanda: Pa 738 palibe kanthu, pa 552 ndi 568.7 palinso zii. Mzerewo ndi wonenepako kuposa ya arc, ndipo kuwala kwa nyenyezi zake kukukwera cha pa 800 nm.

Chiwale: Kumeneko ndi kudumpha kwa kuwala kwa nyenyezi kumene kumaoneka pa 400 nm, mafunde ake atatalikitsidwa kawiri. Ndi OII. Lembani z ya 1.0 ndi chizindikiro choti yachokera pa mzere umodzi. Koma chonde musaike cz (liwiro la kuwala kuchulukitsa ndi z) pa girafu. Pa 0.136 zikadatheka mwapatalipatali, makilomita 40,700 pa sekondi kugawa ndi H0 (nambala ya Hubble, yoyesa kufutukuka kwa chilengedwe) ya 70 kupereka mtunda wa ma megaparsec (Mpc) 580. Pa z ya 1.0 njira imeneyo siigwira. 1+z ikungokuuzani kuti pamene kuwalako kunkanyamuka, zaka pafupifupi mabiliyoni 8 zapitazo, mitunda ya pakati pa milalang'amba inali theka la mmene ilili lero. Mtunda muuwerengere mu gawo la cosmology la pulogalamu ya Astropy, mutalemba H0 ndi Omega (kuchuluka kwa zinthu ndi mphamvu m'chilengedwe) zimene mwasankha.

Kadzidzi: Kanthu kena kakang'ono. Manambala a kutalika kwa mafunde tatchulawa ndi oyesedwa mumpweya, pamene SDSS (kafukufuku wamkulu wa milalang'amba) imalemba a mu vacuum, mopanda mpweya. Mukawasakaniza mulakwitsa ndi makilomita pafupifupi 80 pa sekondi. Kwa mlalang'amba uwu sizivuta, koma pa milalang'amba yapafupi ya pa girafu yanuyo zioneka.