Giyabokosi ya Hilux ikukana kukumana ndi injini

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux ya injini ya 3L pakhomo pano, ndi ya achimwene anga. Ndaika zida za klatchi zatsopano: clutch plate, pressure plate yomwe imaipanikiza, ndi release bearing. Vuto labwera pobwezera giyabokosi. Ikulowa bwinobwino, koma pakatsala mpata wa zala ziwiri ikuima nji. Kuyambira dzulo masana tikukankha anthu atatu, misana yauma. Ndikuganiza zoika mabawuti aatali kuti ndiyikoke pang'onopang'ono.

Mdala wa ku Biwi: Aphwanga, mabawutiwo asiyeni pomwepo. Giyabokosi siikokedwa ndi sipanala. Ndili wachinyamata ndinachitapo zimenezo, ndinangomva phwaa, bell housing, chikhokho cha kutsogolo kwa giyabokosi chomangidwa ku injini, yang'aluka, ndipo ndinalipira ndi malipiro anga. Ikapulumuka bell housing, mupinda plate yatsopanoyo kapena kuphwanya pilot bearing, kaberingi kakang'ono ka kumbuyo kwa injini. Ndiuzeni kaye, plate munaiwongola ndi chiyani pomanga pressure plate?

Wa ku Chilomoni: Ndinakulunga tepi pa socket, kwinako ndinangoyeza ndi maso, madala.

Mdala wa ku Biwi: Ndi pomwepo. Mpata wa zala ziwiri ukusonyeza kuti mano a input shaft, chitsulo chozungulira chotuluka kutsogolo kwa giyabokosi, alowa kale mu plate. Chatsala ndi kansonga kakutsogolo kuti kalowe mu pilot bearing, mkati mwa crankshaft. Plate ikangopatuka pang'ono pakati, ngakhale milimita imodzi, kansongako kamagunda pambali pa bowo. Maso sangaone zimenezo.

Wa ku Luwinga: Madala anena zoona. Koma musanatsitse, yang'anani mpatawo mozungulira. Ngati pamwamba ndi pothina pansi potakasuka, ndiye kuti injini ndi giyabokosi sizili pa mzere umodzi. Injini imapendekeka mukachotsa crossmember, chitsulo chopingasa chonyamula giyabokosi. Ikani jeki pansi pa sump, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, thabwa pakati, muikweze kapena kuitsitsa mpaka mpata ufanane. Ndipo chonde galimoto isakhale pa njerwa muli kunsi kwake, njerwa zimagumuka mosachenjeza.

Mayi Makaniko: Ine ndikakhala ndekha ndimatenga mabawuti awiri aatali, kudula mitu ndi hakiso, n'kuwamanga ku injini mbali zonse ziwiri. Giyabokosi imatsetsereka pa iwo, kulemera kwake sikutsamira pa plate. Muikenso mu giya yachinayi, wina azizunguza kumbuyo kolowa propshaft kuti mano agwirane. Pa manowo gilisi wochepa kwambiri, wongopaka ndi chala. Akachuluka amadumphira pa plate, mawa lake klatchi ikuterera.

Wa ku Chilomoni: Ndayeza, mpata ndi wofanana konsekonse. Ndiye nditsitsenso basi? Tsiku lonse lapita.

Mdala wa ku Biwi: Tsitsani, sizitenga ola. Pitani ku Ndirande kwa ogulitsa zida zakale mukapeze input shaft yakutha ya Hilux yomweyo, imeneyo ndiye chowongolera chenicheni. Masulani pressure plate, lowetsani shaftiyo mpaka mu pilot bearing, kenako mangani mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, osamaliza limodzi nthawi imodzi. Shaft izilowa ndi kutuluka ndi zala zokha. Ikamalimba, masulaninso. Mukadali pomwepo onani ngati plate sinatembenuzike, mbali yopita ku flywheel, gudumu lachitsulo la kumbuyo kwa injini, nthawi zambiri imalembedwa. Pisaninso chala mu pilot bearing muizunguze, ikamakhwekhwereza sinthani lero lomwe.

Wa ku Chilomoni: Yalowa! Shaft yakale inakana ulendo woyamba, plate inalidi pambali. Nditawongola, ndi mabawuti odula mitu aja, tinangokankha awiri n'kumva khu, giyabokosi yakhala pa ma dowel, tizitsulo toilumikiza molunjika ndi injini. Pilot bearing ndasinthanso, inali youma. Zikomo madala, zikomo mayi. Kungoti pedulo ikumveka yofewa.

Wa ku Luwinga: Mu paipi ya klatchi mwalowa mphepo. Dzazani brake fluid, wina apope pedulo n'kuigwira pansi, inu mutsegule nipo ya slave cylinder, kasilinda ka pa giyabokosi kokankha klatchi, n'kuitseka iye asanasiye pedulo, muzibwereza mpaka thovu litatha. Muziyang'ana kabotolo ka fluidyo kasaume pakati pa ntchito.