Kodi "catch on" amatanthauza chiyani kwenikweni?

Nasibeko:
Akuluakulu odziwa Chingerezi, ndithandizeni. Ziganizo zitatu izi zonse zili ndi "caught on", koma zikuoneka kuti sizikunena chinthu chimodzi: "She caught on quickly", "The song never caught on", "His shirt caught on a nail". Kodi ndi mawu amodzi kapena ndi osiyana? Nanga ndingadziwe bwanji tanthauzo loyenera?

Kamtedza:
Achemwali, yang'anani zinthu ziwiri: mwininkhani ndani, ndipo pambuyo pa "on" pakubwera chiyani.

Mwininkhani akakhala munthu, tanthauzo lake ndi kuzindikira kapena kumvetsa. Chiganizo chanu choyambacho chikunena kuti mtsikanayo sanachedwe kumvetsa, mutu wake unagwira msanga. Mwininkhani akakhala chinthu monga nyimbo, kavalidwe kapena mawu atsopano, tanthauzo lake ndi kutchuka, kulowa m'fasho. Ndiye nyimbo ija sinatchuke, anthu sanaikonde. Mukafuna kutchula amene anaikonda, mumaika "with": "It caught on with young people."

Chachitatucho n'china. Pamenepo mneni ndi "catch" yekha, ndipo "on" ndi mperekezi wongosonyeza malo: malaya anakodwa pa msomali. Chizindikiro chake n'chakuti dzina likubwera pompo pambuyo pa "on". N'chimodzimodzi ndi "caught on camera", kutanthauza kuti kamera inamujambula akuchita chinthucho.

Mphunzitsi wa kumudzi:
Achimwene a Kamtedza anena zoona, koma pa tanthauzo loyambalo ndiwonjezepo, chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. "Catch on" si kumvetsa kulikonse. Simunganene "I catch on French" pofuna kunena kuti mumamva Chifalansa. Pamenepo pafunika "understand". Mawuwa amanena za nthawi imene chinthu chomwe chinali chobisika chaonekera poyera m'maganizo, kawirikawiri patapita kanthawi. Ife timati watulukira. Tiyerekeze wogulitsa pamsika amene amakanikiza sikelo ndi chala poyeza nyemba. Ogula agula kangapo osadziwa, kenako wina waona chalacho. Mngelezi angati "The customers finally caught on." N'chifukwa chake mawuwa amayenda kwambiri ndi "finally", "soon", "quickly" ndi "slow to".

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa ndi izi. Mneniyu ndi wosayambukira, choncho satenga pamtherankhani mwachindunji. Mukafuna kutchula chomwe munthu watulukira, pafunika "to": "They caught on to his trick." Mukasiya "to", chiganizo chimamveka ngati anthuwo akodwa pa chinachake, ngati malaya aja. Angathenso kutsatiridwa ndi "that": "He caught on that we were joking." Komanso mawu awiriwa salekanitsidwa. "She caught it on" n'kulakwa, ngakhale kuti "She picked it up" n'kolondola. Ambiri amatengera pamenepo, osadziwa kuti "pick up" ndi woyambukira pomwe uyu ayi. Ndipo nthawi yakale ndi "caught", osati "catched".

Musasokonezenso ndi "catch up", amene amatanthauza kupeza anzako amene anakusiya m'mbuyo, kapena kucheza ndi munthu amene munatayana kalekale. Mwana amene wajomba kusukulu sabata ziwiri afunika "catch up", osati "catch on".

Nangondo:
Ine ndinene za ulemu, poti nkhaniyi mabuku ambiri saitchula. Kunena za munthu kuti "He catches on fast" n'kumuyamikira, ndipo kuntchito amanena choncho za wogwira ntchito watsopano amene waphunzira msanga. Koma kumuuza munthu pamaso kuti "You're finally catching on" kumamveka ngati mukuti anachedwa kumvetsa, mutu wake ndi wouma. Kwa mnzanu wapamtima zingatheke, koma kwa abwana kapena munthu wamkulu musayerekeze. Mukafuna kudziwa ngati amva, ingofunsani kuti "Does that make sense?"

Awa ndi mawu a pocheza. Polemba kalata yofunsira ntchito kapena lipoti, gwiritsani ntchito "realise" pa tanthauzo loyamba, ndi "become popular" pa lachiwiri. Amene ali ku Britain kapena Australia adzamvanso "cotton on", amene amatanthauza kutulukira komweko ndipo nayenso amafuna "to". Koma "cotton on" sanena za kutchuka.

Potchula, mphamvu ikhale pa "on", ndipo mawu awiriwo amalumikizana ngati amodzi.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye "The new hairstyle caught on in town" ndi kutchuka, poti pambuyo pa "on" pabwera "in", osati dzina?

Kamtedza:
Eya, achemwali, n'choncho. "In town" akungonena kumene kamangidwe katsitsiko katchuka.