Ndasochera ku Vvardenfell: anzanga mumalemba bwanji mamishoni m'kope?

Mphatso_wa_ku_Bangwe:

Moni nonse. Ndikupempha maganizo kwa inu amene munayamba kale magemu a mtundu uwu.

Miyezi itatu yapitayi ndinayamba kusewera Morrowind, ija inatuluka mu 2002, yomwe nkhani yake imachitikira pa chilumba cha Vvardenfell. Laputopu yanga ndi yakale, ndikaikamo gemu yatsopano imangotentha n'kuzima, ndiye mnzanga anandiikira imeneyi kudzera pa OpenMW (pulogalamu yoyendetsera gemuyi) ndipo ikuyenda bwinobwino. Ndinaikonda kuyambira tsiku lomwe ndinatsika m'sitima ku Seyda Neen. Vuto ndi lakuti ine ndinazolowera Skyrim, momwe kachizindikiro ka pamwamba paja kamakulondolera mpaka pakhomo pa munthu amene ukumufuna. Kuno kulibe zimenezo. Munthu amangokuuza pakamwa kuti utulukire chipata chakum'mwera, uwoloke mlatho, ukafika pa mphambano ukhotere uku, basi. Zotsalazo uona wekha.

Ndimagwira ntchito ya mashifiti, ndipo masabata awiri apitawa ndinali wa usiku, moti sindinaigwire n'komwe. Loweruka nditaitsegula ndinapezeka nditaima pa msewu pafupi ndi Pelagiad. M'chikwama muli chigaza cha munthu, mitundu inayi ya bowa, ndi makalata angapo. Ndimapita kuti? Chigazachi ndi cha ndani, ndipo akuchifuna ndani? Mutu unangoti mbee. Ndinatsegula journal (buku la mu gemu losunga zomwe wauzidwa), koma mmenemo zinthu zimalembedwa motsata masiku, nkhani ya Caius Cosades (amene amandituma mamishoni a nkhani yaikulu ya gemuyi) yasakanikirana ndi ya a Mages Guild (gulu la amatsenga) ndi ya munthu wina amene ndinangokumana naye pa njira. Ndinatha pafupifupi ola ndikutembenuza masamba, ndipo ndisanasunthe ngakhale phazi limodzi magetsi anazima. Batire ya laputopu yanga sitha mphindi 20. Zinandiwawa, chifukwa Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimakhala ndi mpata wautali.

Lolemba ndagula kope la masamba 80 ndi bolopeni, koma mpaka lero sindinalembemo kanthu chifukwa ndikuopa kuyamba molakwika. Kodi mumagawa masamba potengera tauni, munthu wokutumani, kapena gulu lomwe mwalowa? Mumakopera zonse zomwe munthu wanena kapena mumangotolamo zofunika? Zofufuza pa intaneti sindikuzifuna kwenikweni. Bandulo ndi yodula, komanso tsiku lina ndinafufuza dzina limodzi lokha n'kuwerenga mwangozi nkhani ya kutsogolo yomwe ndikanakonda kuipeza ndekha.

Nabanda_Zomba:

Achimwene, ndiyambe ndi kukumasulani pomwe mwaimapo. Chigazacho ndi cha Llevule Andrano, munachitenga m'manda a makolo a banja la Andrano omwe ali pafupi ndi Pelagiad pomwepo, ndipo akuchidikira ndi Sharn gra-Muzgob ku Mages Guild ya ku Balmora. Bowayo ndi wa Ajira, m'nyumba yomweyo, chipinda cha pansi. Ndiye ulendo wanu ndi umodzi, bwererani ku Balmora. Sindinakuululireni cha kutsogolo, zonsezi munauzidwa kale.

Chachiwiri, mu journal yang'anani pansi pomwe palembedwa Options, mupeza gawo la Quests lomwe limasanja mamishoni payokhapayokha. Gemu itangotuluka munalibe zimenezi, zinabwera ndi Tribunal. Ambiri sadziwa kuti zilimo.

Komabe kope musalisiye. Ine ndamaliza Morrowind kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndi umene ndinazindikira chomwe kope limagwira. Journal imasunga zomwe anthu a mu gemu akufuna kwa inu. Zomwe inuyo mumafuna kuchita siisunga. Siidziwa kuti munaona phanga m'mbali mwa msewu n'kulilambalala chifukwa munali mutavulala, siidziwa kuti mukusunga ndalama zoti mukaphunzitsidwe Long Blade (luso la lupanga lalitali), siidziwa kuti munasiya zida zolemera pansi m'nyumba ya Caius. Zimenezo zili m'mutu mwanu mokha, ndipo masabata awiri a shifiti ya usiku amazifufuta zonse.

Ine ndimagawa potengera tauni, chifukwa mu gemu imeneyi chodya nthawi ndi kuyenda. Balmora ndinaipatsa masamba anayi, Ald'ruhn awiri, Vivec asanu ndi limodzi chifukwa mzinda umene uja nyumba zake zikuluzikulu zimafanana ndipo umasokoneza aliyense. Tsamba la kumanzere ndimalemba anthu: dzina, nyumba yomwe amapezeka, chomwe amagulitsa kapena kuphunzitsa. La kumanja ndimalemba ngongole zanga pa tauniyo, kutanthauza chilichonse chomwe ndiyenera kukasiya, kukafunsa kapena kukatenga kumeneko. Ndikamatsika pa silt strider (chilombo chachikulu chonyamula anthu pakati pa matauni) ndimatsegula tsamba la tauniyo n'kuona zonse pamodzi. Ndikamaliza chinthu ndimadula mzere umodzi wokha pakati, sindifufuta, chifukwa nthawi zina dzina lomwe unaliyesa latha ntchito limadzabweranso patsogolo.

Pa za mayendedwe, apo pokha ndimakopera mawu onse mmene munthu wanenera. Pamene Hasphat Antabolis ankandituma kukatenga kabokosi ka a Dwemer (mtundu wa anthu akale a mu gemuyi) ku mabwinja a Arkngthand ndinalemba mwachidule kuti "pafupi ndi Fort Moonmoth", ndipo ndinazungulira phiri lija mpaka kutopa ndisanaupeze mlatho wake. Kuyambira pamenepo mawu ngati kumpoto, kumanzere, mlatho wachiwiri, sindiwadumpha.

Kumapeto kwa kope ndinasunga masamba awiri. Limodzi ndinajambulapo mizere yolumikiza matauni: wofiira wa silt strider, wobiriwira wa maboti, wakuda wa a Mages Guild omwe amakutumiza pakati pa Balmora, Ald'ruhn, Caldera, Vivec ndi Sadrith Mora. Linalo ndi la zitseko ndi mabokosi okhoma omwe ndinalephera kutsegula, ndi nambala ya loko pambali pake. Luso la Security (lotsegula maloko) likakwera ndimangoyang'ana tsamba limeneli n'kudziwa kobwerera.

Koma ngati mungatengepo chimodzi chokha, tengani ichi. Mukaseva, musanatseke laputopu, lembani deti ndi mizere iwiri: ndili pakuti, ndimapita kwakuti kukachita chakuti. Popeza kwanuko magetsi sachenjeza, muzilemba mizereyi poyamba ulendo uliwonse, osadikira pomaliza.

Dalitso_265:

Aise, ine sindikuona chifukwa chovutikira ndi bolopeni. Ingojambula sikirini ndi foni munthu akamakupatsa mayendedwe, mphindi imodzi siikwana. Komanso masamba a UESP (webusaiti yofotokoza za gemuyi) ungawasunge pa foni ukakhala pa Wi-Fi, uziwerenga ulibe bandulo. Ine nthawi yosewera ndimakhala nayo yochepa ngati iwe, ndiye sindingaigawenso ndi zolembalemba. Kope likanyowa kapena mwana akaling'amba ndiye kuti zonse zapita.

Nabanda_Zomba:

A Dalitso, za kunyowa mwanena zoona, langa ndimalisunga m'jumbo. Za zithunzi ndinayesapo. Zinafika mazana, zitasakanikirana ndi za ukwati wa mng'ono wanga, ndipo chithunzi sichikuuza kuti unachijambula chifukwa chiyani. Chomwe ndinaona n'chakuti dzina lomwe ndalilemba ndi dzanja, ngakhale lovuta ngati Addhiranirr, limakhazikika m'mutu, mwina chifukwa umayenera kuliyang'ana chilembo chilichonse. Kawirikawiri sindibwereranso pa tsambalo, ndimakumbukira ndekha.

Wongani_Joni:

Ine Morrowind sindinaisewerepo, koma funsoli landigwira chifukwa ndinakumana nazo pa Elden Ring. Ndili kuno ku Johannesburg, timagawana PS4 ndi amene ndimakhala nawo nyumba imodzi, aliyense tsiku lake. Gemu imeneyi inatuluka mu February 2022 ilibe journal ya mamishoni ngakhale pang'ono. Mwezi wotsatira anaikamo zoti mapu azionetsa maina a anthu omwe wakumana nawo, koma zomwe anakuuza sizilembedwa paliponse.

Chitsanzo chomwe chinandipangitsa kugula kope ndi ichi. Ndikudutsa m'nkhalango ya Mistwood ndinamva kulira ngati kwa mmbulu, sindinaganizepo kanthu. Patapita masiku ndinabwerera ku Church of Elleh kukagula zinthu kwa Kalé, ndiye pakati pa nkhani anandiphunzitsa kuliza chala, akuti ndikachite zimenezo pomwe ndinamva kulirako. Malo ake ndinali nditawaiwala. Ndinayenda m'nkhalango muja masiku anga awiri osewera, zimbalangondo zikuluzikulu zija zikundipha, ndisanamupeze Blaidd, munthu wooneka ngati mmbulu amene ankalira uja, pamwamba pa mabwinja. Ndikanangolemba mzere umodzi tsiku loyamba lija.

Kwa ine kugawa potengera tauni sikungatheke, chifukwa anthu a mu Elden Ring sakhala malo amodzi. Alexander, mtsuko wankhondo uja, umamupeza atatitimira m'dothi ku Stormhill, ukamuzula amanyamuka n'kukapezeka kutali. Ndiye ine munthu aliyense ali ndi tsamba lake: ndinamuona koyamba kuti, anapempha chiyani, anatchula malo ati potsanzikana. Mawu otsanzikana aja ndi amene amakuuza komwe udzamupeze. Tsamba la Rya lili ndi mizere itatu yokha yoyambirira: Liurnia, mkanda wake wabedwa, wakuba ali ku Boilprawn Shack ndipo akufuna ma rune 1,000 (ndalama za mu gemuyi). Tsamba la Ranni linadzaza mpaka ndinamata lina.

Ndimalemba nditakhala pa Site of Grace (malo opumira a mu gemuyi), chifukwa pena paliponse ukaika controller pansi chinachake chimakupeza. Ndipo ndimagwiritsa pensulo, popeza zambiri zomwe ndimalemba ndi zongoganizira, ndimaika chizindikiro cha funso pambali. Achimwene a ku Bangwe, ngati mu gemu yanuyo anthu sasuntha, tsatani njira ya achemwali a ku Zomba.

Agogo_a_Tadala:

Ana anga, mwandikumbutsa kutali. Ine ndine wamkulu pa nonsenu, ndili ku Leeds, ndipo magemu ndinawayamba mochedwa, nditabwera kuno, pa kompyuta yomwe tinagulira ana a sukulu. Imene inandiphunzitsa kulemba ndi Ultima IV ya 1985. Mmenemo mulibe journal, mulibe mndandanda wa mafunso oti usankhepo. Ukafuna kulankhula ndi munthu umalemba wekha mawu pa kiyibodi, monga name kapena job, ndipo pa yankho lake umatolapo mawu ena oti ufunsenso. Munthu wa tauni ina amakuuza kuti ukafunse uje ku tauni yakutali za chinthu chakuti. Ukaiwala mawuwo ndiye kuti njira yatsekeka, palibe chokukumbutsa.

Kope langa la nthawi imeneyo ndikadali nalo. Ndinajambula mizere ndi rula, makhalidwe abwino asanu ndi atatu kumanzere, kenako tauni yake, mawu ake opempherera pa kachisi, ndi komwe kuli mwala wake wa rune. Chilungamo cha pakamwa ndi Moonglow, mawu ake AHM. Chifundo ndi Britain, MU. Kulimba mtima ndi Jhelom, RA. Mabokosi opanda kanthu ndi amene ankandiuza koti ndipite, sindinkafuna wina wondilondolera. Tsamba lina ndinalembapo kayendedwe ka miyezi iwiri ya kumwamba mu gemuyo, Trammel ndi Felucca, chifukwa zipata zoulukira zimatseguka potengera maonekedwe ake, ndipo ndinakhala madzulo angapo ndikungoyang'ana ndi kulemba mpaka ndinamvetsa.

Za mapu, gulani kope la masamu la timabokosi. Bokosi limodzi ndi phazi limodzi. Ndi mmene anthu ankasewerera Wizardry kalelo, ndipo Legend of Grimrock ya 2012 ili ndi njira yosewerera yopanda mapu kwa amene akufuna kujambula okha. Yambirani pakati pa tsamba, osati pakona, chifukwa simudziwa komwe phanga likhotere.

Mwana wanga Mphatso, mwati mukuopa kuyamba molakwika. Tsamba langa loyamba ndi lodetsedwa, muli maina olembedwa molakwitsa ndi mivi yopita uku ndi uku, koma ndi limene mdzukulu wanga amakonda kuliona akabwera. Lembanimo lero lomwe.

Mphatso_wa_ku_Bangwe:

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ndamvera, ndayamba dzulo usiku.

Achemwali a ku Zomba, gawo la Quests lija ndalipeza, miyezi itatu yonseyi linali pomwepo. Chigaza ndakapereka, bowa ndakapereka, ndipo Ajira wandituma kale zina. Ndatsata njira yanu ya matauni, kungoti ndasintha pang'ono: Caius ndamupatsa masamba akeake kutsogolo kwa kope monga amachitira a Wongani, chifukwa nkhani yake ndi imene ikuyenda m'matauni ambiri ndipo sindikufuna imwazike. Tsopano wandituma ku Vivec kukaonana ndi anthu atatu, Huleeya, Addhiranirr ndi Mehra Milo. Maina onse atatu ndawalemba chilembo ndi chilembo, aliyense ndi dera lomwe Caius watchula, ndipo ndasiya mizere isanu pansi pa dzina lililonse.

A Dalitso, foni ndaigwiritsabe pa chinthu chimodzi: ndajambula masamba a kope omwe ndalemba, kuti likatayika ndisayambirenso.

Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko ndili pa silt strider ya ku Balmora. Ndinaseva msanga, ndinayatsa tochi ya pa foni n'kulemba mizere iwiri ija. Kenako ndinapitiriza kujambula mizere yolumikiza matauni kumapeto kwa kope, yomwe ndikuikumbukira.

Funso lina kwa achemwali: ku Vivec munagawa bwanji masamba asanu ndi limodzi aja, nyumba yaikulu iliyonse tsamba lake kapena munaphatikiza zina? Ndikufuna ndikonzeretu Loweruka lisanafike.