Kodi wodwala shuga amaloledwa kutenga laisensi yoyendetsera galimoto?

Abale anga a mu Blantyre, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndikufuna kuyamba sukulu yoyendetsa galimoto mwezi wamawa, nditenge laisensi ya Code B kuti ndizikapikula ndekha katundu ku Limbe. Vuto ndi lakuti ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimadzibaya jakisoni wa insulin m'mawa ndi madzulo.

Ndikachedwa kudya, shuga amatsika: manja amanjenjemera, thukuta kamukamu, maso n'kuchita chidima. Ndikamwa tiyi wothira shuga zimatha msanga, koma nanga zitandipeza ndili pachiwongolero mu Chipembere Highway nthawi yoweruka, maminibasi atandipanikiza uku ndi uku? Sindikufuna kupweteka mwana wa munthu.

Kodi ku Road Traffic amangoyeza maso, kapena amafunanso kalata ya dokotala? Ngati amafuna, ya ku Queens komwe ndimalandira mankhwala ingakwanire?

Inu amene muli ndi shuga koma mumayendetsa, mumadziyeza musananyamuke? Mumasunga chiyani m'galimoto? Mundiuzenso za mphunzitsi wodekha, wosakalipa, woti ndingamuuze za matendawa iye n'kumvetsa ndikapempha kuima pambali.