Kuyerekeza minda ya tiyi ndi nkhani za ku Japan

Wophunzira wa ku Luchenza:
Akuluakulu, ndikulemba kafukufuku wa ku yunivesite wokhudza khalidwe la makampani ndi ufulu wa antchito, ndipo aphunzitsi akufuna kuti ndiyerekeze minda ya tiyi ya kwathu ndi zimene manyuzipepala a ku Japan amalemba za antchito awo. Ndiyambire pati?

Bambo wa ku Bvumbwe:
Mwanawe, yamba ndi mfundo zimene bungwe la United Nations linavomereza mu 2011, zokonzedwa ndi nthumwi yapadera ya bungweli, John Ruggie, zakuti boma liteteze ufulu wa anthu, makampani aulemekeze, ndipo wolakwiridwa apeze kokadandaula.

Mayi wa ku Chitakale:
Fufuzaninso mawu a Chijapani akuti karoshi, kutanthauza imfa yobwera chifukwa chogwira ntchito mopyola muyeso, imene atolankhani kumeneko anaiulutsa kwa zaka zambiri mpaka dzikolo linakhazikitsa lamulo lothana ndi vutoli mu 2014. Kuno lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limati maola asapitirire 48 pa sabata. Komatu musangodalira mabuku. Mayi anga ankathyola tiyi dengu lili kumsana, ndipo madandaulo awo onse anali okhudza sikelo yoyezera tiyi, osati maola.

Wophunzira wa ku Luchenza:
Zikomo amayi, Loweruka ndikacheza ndi othyola tiyi.